Ku Dar es Salaam ndi ndalama zowerengera

Aliyense wokhala mu Mzuzu muno ali ndi kanthu ka ku Dar es Salaam m'nyumba mwake, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Chitenje choberekera mwana, masilipasi, fulasiki ya tiyi, chaja ya foni, ngakhale galimoto zija zimalowera pa Songwe zikuchokera ku Japan, zambiri zimatsikira padoko la kumeneko. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ku Chibavi, ndipo nsalu zochuluka zimene zadutsa pansi pa singano ya makina anga zinagulidwa mumsika wa Taifa. Koma mzinda umene umadyetsa msika wathuwu ndinkangoumvera m'kamwa mwa anthu. Zimene ndinkauzidwa ndi zimene ndinakaona zinasiyana, n'chifukwa chake ndikulembera mnzanga amene akusonkhanitsa timakobiri kuti akapondeko koyamba.

Tinapita atatu. Alamu anga, akazi a achimwene, ali ndi benchi ya zitenje mu Taifa, ndipo zaka zonsezi ankathera ku Kyela kapena ku Mbeya, n'kumapikula kwa anthu amene nawonso apikula ku Dar. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kaphindu kawo kanayamba kuthera m'manja mwa apakatiwo, ndiye anati basi, tiyeni tikafike kugwero. Ine ndinatsatira malesi, mazipi ndi mikanda ya madiresi a ukwati, zimene kuno mtengo wake umakuthawitsira kasitomala. Wachitatu anali mwana wa achemwali anga, mnyamata woti wangolemba kumene Fomu 4, amene tinamutenga kuti azitithandiza zikwama. Tonse atatu Dar tinali tisanaione.

Tisananyamuke anthu anatidzaza mantha. Foni osatulutsa. Njira osafunsa, akangodziwa kuti ndiwe mlendo watha. Kuli chitaka choopsa, m'ndalama uziikamo kakhala. Mayi wina wa kutchalitchi anachita kundigwira dzanja n'kunditsanzika ndi pemphero lalitali. Ndinasoka timatumba tobisika, ta ine ndi alamu m'mapitikoti, ka mnyamatayo m'kati mwa thalauza, ndipo zimenezo ndikulangiza aliyense kuti achite. Koma mantha ena aja ndi oononga ulendo. Ndinaona amayi ena a kwathu kuno akuyenda mu Kariakoo, dera lalikulu la malonda mu Dar, maso ali pachikwama tsiku lonse, osadzutsa mutu n'kamodzi komwe, ndipo zinandimvetsa chisoni.

Njira ya kumpoto ambiri mukuidziwa: kutsika Chiweta nyanja ili kumanja, Chitimba, Karonga, kenako makilomita pafupifupi 45 kukafika pa Songwe. Mmalawi safunika viza polowa mu Tanzania, pasipoti ndi yokwanira. Ukangowoloka mlatho uli pa Kasumulu, ndipo wotchi uikankhire kutsogolo ndi ola limodzi. Osintha ndalama amakuzinga pomwepo. Osathamanga, funsa kwa angapo, ndipo uwerenge ndalama zako pamaso pawo usanapereke makwacha. Ndalama yawo yaikulu ya pepala ndi ya 10,000 shilingi, yofiira, ya chithunzi cha njovu. Tinagona ku Kyela kuti tikwere basi ya m'mawa, ndipo apa pali chinthu chofunika kusamala: iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho 7 koloko yathu ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, ndipo basi ya 6 koloko amati ya 12. Ufunsitse bwino pogula tikiti.

Kuchoka ku Mbeya kokha kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, ndiye ndi ulendo wa tsiku lathunthu pampando umodzi. Minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu, nkhalango za paini za ku Mafinga, kutsetsereka koopsa kwa Kitonga mutadutsa Iringa, chigwa cha malambe okhaokha kumene amayi amagulitsa anyezi m'ndowa, zonsezi zimadutsa pawindo. Pa Mikumi msewu umang'amba pakati pa nkhalango ya nyama, ndipo mnyamata wathu anaona nyamalikiti ndi mbidzi osalipira kanthu. Anangoti kakasi, chipumi chili pagalasi.

Mzindawo sufika nthawi imodzi. Ukadutsa Chalinze ndi Kibaha umaona magetsi n'kuyamba kutsitsa chikwama, koma basi imangopitabe, nyumba osatha, msewu ukunka nutambasuka mpaka mizere ya magalimoto yoti kuno sitinaionepo. Basi zakutali masiku ano zimathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, imene inatsegulidwa mu 2021 kulowa m'malo mwa depoti yakale ya Ubungo. Ndi chinyumba chosanjikizana, chowala, chokhala ndi mipando ndi zimbudzi zake. Komabe chimene chinatilandira choyamba si chinyumbacho. Kunali kutentha. Unali usiku wa mu December, koma nditangoponda pansi mpweya unandimenya ngati ndavundukula mphika wa nyemba nkhope ili pomwepo. Wolemera, wonyowa, wosasuntha. Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene juzi timayenda nayo ngakhale mwezi wotentha. Dar ili pagombe penipeni pa nyanja yamchere, ndipo thukuta la kumeneko siliuma.

Tisanapume n'komwe, mnyamata wina anatsomphola chikwama cha alamu n'kuyamba kuyenda nacho, akuti akutithandiza. Alamu anamukalipira ndi Chiswahili chawo cha ku Kyela, iye n'kuyamba kufuna ndalama ya masitepe ochepa amene anayendawo. Amene anatilanditsa ndi mayi wina amene tinakhala naye moyandikana kuchokera ku Makambako. Anamuyankhula mawu ochepa, osakweza, mnyamatayo n'kusiya chikwama. Mayiyo anatikweza minibasi, zimene iwo amati daladala, natiuza kuti ku Manzese kuli malo ogona otsika mtengo ndiponso n'kosavuta kupita ku Kariakoo. Anatsika nafe ngakhale kwawo kunali kutsogolo, natiperekeza mpaka pageti. Alamu anatulutsa ndalama yoti agulire chakumwa, iye anakana mwaulemu, dzanja lili pachifuwa. Munthu wofuna kutidyera ndi munthu wotichitira chifundo tinakumana nawo ola limodzi lomwelo, ndipo pa awiriwa, a ku Mzuzu anali atatiuza za mmodzi yekha.

Chipinda chinali chaching'ono: bedi, neti ya udzudzu, fani yakudenga ndi ndowa kubafa. Madzi a pampopi anali a kamchere, sopo osachita thovu bwino. Apa m'pamene tinazindikira ndalama imene sitinaiike pa bajeti, ya madzi akumwa. Kuno ukhoza kuswera ndi kapu ya tiyi. Kumene kuja thupi limafuna botolo ndi botolo, ndipo ukawaumira mutu umayamba kuwawa masana asanakwane. Gulani botolo lalikulu m'sitolo ya m'makwalala, osati timabotolo ta m'manja mwa oyenda nawo.

Kusanache tinadzutsidwa ndi kuitana kwa m'mizikiti, uku ndi uku, mawu akupiringizana pamwamba pa madenga. Pofika 6 koloko msewu unali utadzaza kale. Bambo wina wachikulire ankayenda ndi ketulo ya khofi itakhala pa kambaula konyamula m'manja, timakapu ting'onoting'ono tili m'kandowa ka madzi, ndi timaswiti ta mtedza totchedwa kashata. Amuna ankaima, kumwa kakapu kamodzi, kucheza pang'ono, n'kumapita. Ndinaona kuti anthu a kumeneko salumpha moni. Ukafika pa munthu n'kuyamba ndi funso, amakuyang'ana kaye. Ukayamba ndi moni, makamaka shikamoo kwa wamkulu, nkhope imamasuka ndipo akhoza kusiya ntchito yake kuti akulozere njira.

Pakati pa Morogoro Road pamadutsa mabasi a buluu ataliatali, opindika pakati, amene amawatcha mwendokasi. Anayamba kuyenda mu 2016, ali ndi njira yawoyawo, ndipo umalipiriratu usanalowe pasiteji. Basi imathamanga magalimoto ena ali chiimire pambali. Koma m'mawa mumadzaza zoti mwendo umodzi sukhudza pansi, ndipo tinadikira ingapo ikudutsa yodzaza kale. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 5.3 miliyoni mu Dar, pamene wa kwathu wa 2018 anapeza 221,272 mu Mzuzu. Ndiye kuti Mzuzu uuphatikize koposa ka 20. Manambalawa ndinawamva m'nthiti mwanga m'basi imeneyo mpaka tinatsikira pa Gerezani, siteji ya ku Kariakoo.

Ndinkayesa Kariakoo ndi msika wa mpanda ndi geti. Ayi, ndi dera lonse. Chinyumba chamsika chimene chinatsegulidwa mu 1975, chija chinapsa mu July 2021, ndi kachigawo chabe. Malonda enieni ali m'misewu: Msimbazi, Congo, Uhuru, Aggrey ndi ina yambiri, nyumba zosanjikizana zokhala ndi sitolo pansi, zina mpaka kunsi kwa nthaka, katundu wosunga ali m'mwamba. Anyamata amatsika masitepe mabelo ali pakhosi, okankha ngolo akukuwa kuti muwapatuke, njinga zamoto zikudutsa pamene ukuona kuti sipangadutse munthu. M'kanjira kamodzi umamva Chiswahili, Chifalansa cha a ku Congo, Chibemba, kenako mwadzidzidzi wina kumbuyo kwako akuti, "Asisi, imeneyo yadula, tiyeni kutsogoloko." Mtima umagunda ukamva chiyankhulo cha kwanu pamalo otere.

Alamu ali ndi nzeru imene ndinaiyamikira. Tsiku loyamba sanagule kanthu. Anayenda ndi kope ndi bolopeni, kufunsa ndi kulemba basi. Mnyamata wathu anayamba kudandaula kuti tikungozungulira, iwo anangoti, "Iwe, mpamba sathamanga nawo." Madzulo titayala kopelo pabedi tinaona kuti chitenje cha maluwa amodzimodzi chili ndi mitengo yosiyana kwambiri, ndipo chifukwa chake ndinachipeza m'mawa mwake ndi zala zanga.

Tinalowa m'kasitolo kena cha ku Uhuru, kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane, nsalu zopindidwa kuchokera pansi mpaka kudenga. Mwini wake anali mayi wofunda kumutu, manja ojambulidwa maluwa akuda. Ananditsitsira zitenje zitatu za maluwa ofanana ndendende. Ukaima patali sungasiyanitse. Ndinatembenuza choyamba, kuseri kunali kotuwa, utoto sunalowe. Chachiwiri chinali cholimba bwino m'manja, koma nditachifinya pakona n'kuchitikita ndinaona kuti kulimbako ndi sitachi, kukachapidwa kamodzi kadzatsala kansalu kopyapyala. Chachitatu maluwa anali owala mbali zonse ziwiri, ulusi wothinana, ndipo nditapaka kahanki koyera konyowa sikanatenge mtundu. Mayiyo anandiyang'ana, n'kufunsa alamu ngati ndine fundi, kutanthauza telala. Atamva kuti inde, anaseka, natulutsa mpando, n'kuyamba kutsitsa katundu wina amene sanali pamaso. Kunenerera konse kunachitikira pa kakyuleta, iye kulemba nambala, alamu kufufuta n'kulemba yawo, mpaka anagwirizana. Mtengo wa chimodzi ndi wina, wa khumi ndi wina.

Nsalu zambiri m'masitolo amenewa n'zochokera kunja, ku China ndi ku India, ngakhale kuti pafupi ndi kumene tinkagona kuli fakitale ya Urafiki imene inamangidwa mothandizidwa ndi China m'ma 1960. Chimene ndinachikonda kwambiri ndi kanga. Imagulitsidwa ziwiriziwiri, ili ndi mkombero wake kuzungulira, ndipo m'munsi mumalembedwa mawu. Musagule musanafunse tanthauzo. Mayi uja anatiuza kuti ina ndi ya madalitso, yopatsa mayi wobereka kapena mkwatibwi, koma ina ndi yolasa mnansi kapena mkazi mnzako, ndipo anatisankhira yekha yoyenera kukapatsa apongozi.

Alamu atawonkhetsa zonse, thiransipoti, malo ogona, chakudya, msonkho wa paboda ndi zimene zimatayika posintha ndalama, anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Alamu, phindu lilipo, koma si lija amatiuza mu Taifa." Ndi zoona. Ku Dar zinthu n'zotsikirapo, koma ulendowo umadya. Wa mpamba wochepa kwambiri ndi bwino aphatikizane ndi anzake, apo ayi angobweza ndalama ya basi.

Pa chakudya sitinavutike. Amayi ophika m'mbali mwa msewu amagulitsa mpunga wa nyemba zothira nazi, ndiye kuti kokonati, wokhutitsa ndi wotsika mtengo. Pachiwaya amakazinga tchipisi pamodzi ndi mazira n'kukhala chinthu chimodzi, ndipo mnyamata wathu sanafunenso china. Nsima yawo ndi yolimba kuposa yathu. Dzuwa likafika paliwombo, madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo ndi jinja ndi ndimu amabweza moyo.

Pa nkhani ya nyanja tinasemphana ndi alamu. Iwo anati, "Tabwera kudzaoda, sitinabwere kudzaona malo." Amalonda ambiri a kwathu amaganiza choncho, amatsika basi, kulowa mu Kariakoo, kumanga katundu, kukwera basi. Ine ndikuona kuti akudzimana chinthu chachikulu pa mtengo wochepa zedi. Ndinaumirira mpaka analola kuti tipite m'mawa umodzi. Mwendokasi imakafika mpaka ku Kivukoni, ndipo pamenepo pali pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Tinalipira 200 shilingi munthu mmodzi, yosakwana ngakhale botolo la madzi.

Kuwolokako n'kwa mphindi zochepa, koma m'pakhomo penipeni pa doko. Tili pamzere, pantoni inaima kudikira, ndipo sitima ya makontena inatulukira ikulowa. Ine ndinakulira kuona Ilala pa Nkhata Bay, ndipo ndinkati ndikudziwa sitima. Iyi inali khoma lachitsulo loyenda, lalitali kuposa nyumba za m'tauni mwathu, makontena atasanjikizana mitundumitundu, timaboti tiwiri tamphamvu tikuiongolera. Inadutsa pafupi moti tinkaona dzimbiri m'mbali mwake ndi munthu mmodzi ataima pamwamba, wooneka kachinthu kakang'ono. Panalibe phokoso lalikulu, madzi okha akutukumuka. Kutali panyanja zina zinali pamzere kudikira nthawi yawo. Mnyamata wathu anandigwira mkono. "Anti, ndiye mathanki aja amakwera Chiweta amayambira pano?" Ndinati eya, ambiri mwa iwo, ndipo dziko lathu lili ndi malo ake osungira katundu, a Malawi Cargo Centres, ku Dar komweko ndi ku Mbeya. Kuchoka padoko la Dar kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 1,100. Kukhala dziko lopanda doko tinaphunzira ku pulayimale, koma nditaima pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake zipi imodzi imafika pa makina anga itakwera mtengo chotere. Alamu, amene ankakana kubwera, ndi amene anapempha kuti tidikire tione ina.

Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina limene yathu ilibe. Madzi amachoka. Popita tinaona maboti akuyandama, pobwerera ena anali atagona pamatope, ana akutola tinthu pamene panali madzi. Pamsika wa nsomba wa pafupi pomwepo fungo limakupeza usanalowe. Nsomba amagulitsa mokuwa, wokweza mtengo ndiye watenga, amayi atazungulira tebulo ndi ndowa zawo. Tinaona nkhanu zazikulu, nsomba zofiira, zina zazitali kuposa mkono, ndi chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chimene amati pweza. Alamu anakana kulawa. Mnyamata analawa chokazinga n'kunena kuti n'chokoma koma cholimba.

Pobwerera tinayenda wapansi kudutsa matchalitchi akale a nthawi ya Ajeremani, mpaka pa chipilala cha Askari chimene chili pa raundabauti ya Samora Avenue. Ndi msilikali wachikuda wamkuwa, mfuti italoza kudoko, ndipo chinaimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndinamuuza mnyamatayo kuti nkhondo yomweyo inamenyedwa pa Karonga mu September 1914, kuti manda ake alipo mpaka lero, ndiponso kuti anthu ambirimbiri a kwathu anasenza katundu wa nkhondoyo pamutu, ena osabwerako. Tinadutsa pa Karonga popita, iye osadziwa. Anati pobwerera akufuna akawaone mandawo.

Sindikufuna kukometsera. Ngalande za m'makwalala ena zimanunkha, udzudzu ndi wolusa, opemphetsa ndi ambiri, ndipo madzulo magalimoto amaima mpaka kutopetsa. Foni m'chikhamu cha mumsewu wa Congo uigwiritse ndithu. Mapazi anga anatupa, ndipo usiku ndinkalakalaka kamphepo ka ku Katoto.

Chimene sitinachiyembekezere ndi mmene ulendowu unamugwirira mnyamata wathu. Iye anaona anyamata a msinkhu wake akukonza mafoni pa katebulo, ena akutumiza katundu ku Lubumbashi ndi ku Lusaka pongoyankhula pa WhatsApp. Kandalama kamene mayi ake anamupatsa ka nsapato anagulira machaja ndi magalasi a foni, ndipo anakagulitsa onse kudepoti titabwerako. Tsopano akuphunzira Chiswahili kwa alamu madzulo aliwonse, akuti akufuna azipita yekha. Achemwali sakugona nazo tulo, akuti ndamuonongera mwana, ayenera kuika mtima pa sukulu. Ine ndawauza kuti sukulu asasiye, koma patchuthi amulole aziyenda ndi alamu, pasipoti yake ili m'manja, katundu wake akulipira msonkho moyenera. Sanavomere, komanso sanakane. Ulendo wotsatira tikufuna udzakhale wa mu June kapena July kukamazizirirako, ndipo mnyamatayo akukakamira kuti tidzakwere sitima ya TAZARA kuchokera ku Mbeya. Alamu akuti sitimayo imachedwa, katundu wa pabenchi sangaidikire, ndiye nkhaniyo tikadakambiranabe.